Ndikumveka Bwanji Kumeneko?

Anthu amene timacheza pa wailesi yolankhulirana, imene padziko lonse imadziwika kuti ham radio, tili ndi mkangano umene sutha. Ena amati maikolofoni yakale ndiyo imatulutsa mawu enieni a munthu. Ena amati zimenezo ndi zolankhula za nkhalamba zimene zikulira unyamata wawo, ndipo kuti ya masiku ano ndiyo yokhulupirika. Kuno ku Malawi tilipo ochepa kwambiri a laisensi ya MACRA, moti munthu akangotchula nambala yake yoyamba ndi 7Q, chizindikiro cha dziko lathu pa mafunde, anthu a ku Ulaya ndi ku Japan amamuunjirira onse nthawi imodzi. Koma ngakhale pa kagulu kochepa kameneka mkanganowu ulipo. Ine ntchito yanga yakhala yokonza mawailesi, ndiponso ndine mkulu wa mpingo kwathu kuno ku Zomba. Ndikamaumvetsera mkanganowu ndimamva funso lina lili pansi pake: mawu enieni a munthu ndi ati, ndipo woyenera kuweruza nkhaniyi ndani?

Maikolofoni yakale imene ndili nayo ndi Astatic D-104. Anandisiyira ndi bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi, amene anatsogola kalekale. Mutu wake ndi wozungulira, wophwatalala, wa chitsulo chonyezimira, kutsogolo kuli waya woluka. Mutuwo wakhala pa khosi lalitali, ndipo m'mbali mwa khosilo muli kachitsulo kamene umafinya ndi dzanja lonse ukafuna kulankhula. Phazi lake n'lolemera, siyenda pa tebulo. Anthu a ku America anaipatsa dzina loti lollipop chifukwa cha maonekedwe amenewa. Inayamba kupangidwa mu 1933 ku Youngstown, m'chigawo cha Ohio, ndipo amene anayambitsa kampaniyo anali anthu awiri a ham radio omwe ankafuna maikolofoni yabwinopo kuposa za makala zimene zinalipo nthawi imeneyo.

Chimene chimandichititsa chidwi mpaka lero n'chakuti mtima wa chipangizo chimenechi ndi mchere. Mkati mwa mutu uja muli kambale kopyapyala ka aluminiyamu, ndipo kumbuyo kwake kuli kachidutswa ka mchere wotchedwa Rochelle, umene unatenga dzina la mzinda wa La Rochelle ku France. Mu 1880 anthu awiri a pachibale, Pierre ndi Jacques Curie, anapeza kuti timiyala tina ukatifinya timatulutsa magetsi pang'ono, ndipo mchere umenewu ndi umodzi wa timiyala totere. Ukalankhula, mpweya umakankha kambale, kambale kamapinda mchere, mchere umatulutsa magetsi otsata mawu ako. Batire safunika. Koma poti mchere ndi mchere, umaopa chinyontho ndi kutentha. Chinyontho chikachuluka umasungunuka pang'onopang'ono, ndipo kutentha kukafika cha m'ma 55 digiri umawonongekeratu, zimene zikhoza kuchitika masana amodzi okha ukaiwala maikolofoniyo m'galimoto yotseka mu Okutobala. N'chifukwa chake ine nyengo ya dzinja ndi ya chiperoni ndimachotsa mutu wake n'kuusunga m'chitini chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Palinso vuto lina. Maikolofoniyi inapangidwira mawailesi a mavalavu, timababu tagalasi tija timene tinkafunda. Ukailumikiza mwachindunji ku wailesi ya masiku ano, imene imayembekezera maikolofoni ya ma ohm 600 kapena kuyandikira pamenepo, mawu amatuluka ofooka ndi owonda. Pamafunika kathiranzisita pakati, kapena phazi lija lokhala ndi batire ya 9 volts.

Yatsopano ndi imene inabwera m'bokosi limodzi ndi wailesi yanga ya Icom IC-7300, mtundu umene unatuluka mu 2016. Ndi ya pulasitiki yakuda, yogwira m'manja, yopepuka. Mkati mwake muli kachinthu kakang'ono kotchedwa electret, kamene Gerhard Sessler ndi James West anatulukira ku Bell Labs mu 1962, ndipo kwa zaka zambiri ndi kamene kakhala kakumva mawu athu m'mafoni ndi m'zojambulira mawu. Chiperoni sikachiopa. Ntchito yaikulu tsopano imachitika mkati mwa wailesi. Pa galasi lake ndikhoza kukweza kapena kutsitsa besi, kukweza kapena kutsitsa mawu akuthwa, ndi kusankha kukula kwa mpata umene mawu anga adutsemo: kuyambira 100 mpaka 2900 Hz, kapena 300 mpaka 2700, kapena 500 mpaka 2500.

Manambala amenewa ndiwo amagwetsa mbali zonse ziwiri za mkangano uja. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo Hz imatiuza kuti mpweyawo wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Khutu la mwana limamva kuyambira cha m'ma 20 mpaka 20,000. Ife polankhula pa njira yotumizira mawu pa wailesi yotchedwa SSB timadutsa pa mpata wosapitirira 3000. Mwamuna akamalankhula, tsinde la mawu ake, kunjenjemera kwa pammero penipeni, limakhala cha m'ma 100 mpaka 150 Hz. Ndikasankha mpata woyambira pa 300, tsinde lonse la mawu anga limatsala m'nyumba muno, silikwera n'komwe pa eriyo. Kumwamba nakonso kwadulidwa. Chimene chimafika ku Osaka kapena ku Milan ndi chidutswa cha pakati chokha, chitagunda kumwamba n'kubwerera pansi, chitasakanikirana ndi phokoso la ziphaliwali za m'dzinja. Ndiye kunena kuti maikolofoni iyi kapena iyo imapereka mawu anga onse monga alili, n'zosatheka. Zonse ziwiri zimadula. Ndipo D-104, imene anthu amaitamanda kuti ndi yachilengedwe, ndiyo imasintha mawu kwambiri: imapeputsa besi n'kukweza mawu akuthwa, kumene kumakhala s, t, k ndi anzake, timawu timene timasiyanitsa liwu ndi linzake. N'chifukwa chake inatchuka, imaboola phokoso. Mayi akamaitana mwana ali kutsidya kwa dambo amachita chimodzimodzi: amasiya mawu a m'nyumba aja, amakweza liwu kukhala lowonda ndi lakuthwa, ndipo palibe amene amati mayiyo wanama.

Opanga zatsopano nawo anatsata njira yomweyo. Bob Heil wa ku Illinois, amene anamwalira mu 2024, anaphunzira kumvetsera ali mnyamata pochuna malimba a mapaipi, kenako anapangira zokuzira mawu magulu oimba ngati Grateful Dead ndi The Who. M'ma 1980 anapangira anthu a ham radio timitima ta maikolofoni totchedwa HC-4 ndi HC-5, tokweza dala mawu a cha m'ma 2000 Hz. Munthu wa khutu la nyimbo ngati ameneyo anasankha kuchotsa kukoma kwina kuti liwu limveke.

Chodabwitsa n'chakuti pa mpata wopapatiza chonchi munthu amadziwikabe. Mnzanga wina wa ku South Africa akangoti "CQ" kamodzi, mawu amene timaitanira aliyense amene akumva, ndimadziwa kuti ndi iye asanatchule nambala. Ubongo wa womvera umabwezeretsa tsinde lija kuchokera ku nthambi zimene zafika. Choncho mawu amene akumveka kutsidyako timapanga tili awiri, ine ndi iye.

Apa ndimakumbukira Isake pa Genesis 27. Anali atakalamba, maso atachita chidima. Yakobo anavala zovala za mkulu wake, nakuta manja ndi khosi ndi zikopa za ana a mbuzi. Zonse anatha kubisa kupatula mawu. Khutu la nkhalambayo linanena zoona, linamuuza kuti uyu ndi Yakobo, koma iye anakhulupirira manja ndi fungo la zovala. Ife lero tili ndi chimene Yakobo analibe, tikhoza kuveka chikopa ngakhale mawu. Ndi zipangizo zina zowonjezera, munthu wa mawu aang'ono akhoza kumveka ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya dziko, besi yake yogwedeza tebulo. Alipo amene amachita zimenezi, ndipo kuti besiyo ikwane amakulitsa mpata wawo mpaka kuwirikiza wa anzawo. Bandi ya mamita 20 ili ndi malire, imayambira 14.000 kulekeza 14.350 MHz, ndipo tonse padziko timagawana pomwepo. Wotenga malo a anthu awiri ndiye kuti wina wamukankhira kunja.

Kodi ndiye kuti kusintha mawu kulikonse ndi chikopa cha mbuzi? Ayi. Ine ndimasiyanitsa pofunsa kuti kusinthako ndikuchitira yani. Ndikakweza mawu akuthwa kuti mnzanga amene akulimbana ndi phokoso agwire dzina langa popanda kuvutika, ndamutumikira. Ndikakweza besi kuti aziganiza kuti akulankhula ndi chimunthu chachikulu, ndavala chikopa. Batani n'lomwelo, chala n'chomwecho. Ndipo mtima womwewu ukhoza kubisala m'chitsulo chakale. Ndawamvapo anthu amene sangamalize macheza osatchula kuti akulankhulira pa maikolofoni ya zaka zakutizakuti, ngakhale mawu awo akumveka ngati ali m'botolo chifukwa mchere uja unatha kale mphamvu.

Vuto lake n'lakuti mwini wake sangadziwe. Palibe munthu amene anamvapo mawu ake monga ena amawamvera. Ukamalankhula, mbali ina ya mawu ako imafika kukhutu kudzera m'mafupa a mutu, ndipo mafupawo amawonjezera besi. N'chifukwa chake aliyense akamva mawu ake ojambulidwa koyamba amakana kuti si iyeyo. Mulungu anatiumba mwa njira yoti chinthu chimene chimatidziwitsa kwa anthu kuposa zina zonse mumdima, eni akefe sitingachimve bwino. Ine sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi. Nkhope ukhoza kuiona pa galasi, koma za mawu uyenera kufunsa wina. Tsiku lina mnzanga wa ku South Africa uja anajambula mawu anga ndikulankhulira pa mamaikolofoni onse awiri, n'kunditumizira pa WhatsApp. Ine ndinakonda yatsopano, besi itakwezedwa pang'ono, poti ndi mmene ndimadzimvera m'mutu mwanga. Nditawapatsa mayi a kunyumba kuti amvere, anamvetsera zonse ziwiri mofatsa. Atatero anati, "Iyi yokomayi sindikuwadziwa bwino bambo ake. Koma inayi ndi inuyo, mmene mumamvekera mukamaitana ana muli kumunda." Anasankha D-104. Amene wamva mawu anga kuchokera kunja zaka zonsezi ndi iwo.

Wina anganene kuti masiku ano vutoli linatha. Pali mawailesi olandira mawu amene analumikizidwa ku intaneti, monga ya ku University of Twente ku Netherlands imene inayamba kugwira ntchito mu 2008, ndipo munthu akhoza kulankhula ali ku Zomba n'kumadzimvera mmene akufikira ku Ulaya. N'zoona, ndipo zimathandiza kugwira zolakwika zikuluzikulu. Koma ndikamadzimvera ndekha ndimakhala ndikudziwa kale zimene ndanena. Liwu lililonse limamveka bwino kwa amene akulidziwa. Amene angandiuze ngati dzina la Zomba lafika ndi munthu amene sanalimvepo chiyambire.

Pa chifukwa chimenechi anthu a ham radio ali ndi mwambo umene ine ndimauona kuti ndi wanzeru kwambiri. Pa macheza aliwonse, musanakambe zina, mumapatsana ripoti la manambala awiri. Yoyamba, kuyambira 1 mpaka 5, imanena ngati mawu ako akumveka tanthauzo. Yachiwiri, kuyambira 1 mpaka 9, imanena mphamvu imene afikira. Amene anakonza mwambowu anazindikira kuti kumveka ndi mphamvu n'zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kufika ndi 5 ndi 2, kutanthauza kuti ali kutali, ndi wofooka, koma liwu lililonse lagwidwa. Wina akhoza kufika ndi 2 ndi 9, kugwedeza singano yoyeza mphamvu pa wailesi mpaka kumapeto koma osamveka chimene akunena.

Ripotili ndi umboni. Mnzako wakufunsa chinthu chimene iye sangathe kudzionera, ndipo akudalira iwe. Ndiye zimandipweteka kuti mwambowu tinauwononga. Pa mipikisano, ndiponso pamene anthu aunjirira siteshoni yosowa ngati yathu ya 7Q, aliyense amangopatsidwa 59, ndiko kuti 5 ndi 9, ngakhale amene wafunsidwa kubwereza nambala yake kangapo. Anzanga amati limeneli si bodza chifukwa aliyense amadziwa kuti 59 ya pa mpikisano ndi moni chabe. Ndimamvetsa, pa mpikisano nthawi ndi yochepa. Koma chizolowezichi chinasefukira m'macheza wamba, ndipo munthu akhoza kukhala chaka chathunthu mawu ake akung'ambika, aliyense akumupatsa 59. Lamulo loletsa umboni wonama timaliganizira za kubwalo la milandu, pamene munthu akunamiziridwa choipa. Ine ndimaona kuti kunamizira munthu chabwino chimene alibe n'kumulakwiranso, chifukwa wamutsekera njira yokonzera. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani ya Aroni imandithandiza kuona malire a zimene ndikunenazi. Mose atadandaula kuti ndi wolemera pakamwa, pa Eksodo 4, Mulungu anamupatsa Aroni kuti akhale pakamwa pake. Mulungu sanaone vuto kuti uthenga udutse m'kamwa mwa wina, ndi liwu lina, kuti anthu aumve. Koma Aroni yemweyo pa Eksodo 32 anamvera anthu mopitirira, nawapangira mwana wa ng'ombe wagolide chifukwa ndi chimene ankafuna. Choncho ndikamati mawu akonzedwe poganizira womvera, sindikunena zoti apatsidwe chomukomera. Womvera ndiye woweruza ngati uthenga wafika, koma zoti uthengawo ukhale wotani sizili m'manja mwake. 59 yabodza ija ndi kupatsa munthu chimene akufuna kumva.

Zimenezi ndimapita nazo kutchalitchi Lamlungu lililonse, poti ine ndi amene ndimayang'anira zokuzira mawu. M'mizinda yathu muno muli mapemphero ambiri amene ripoti lake loona ndi 2 ndi 9. Masipika aakulu, besi ili pamwamba, mlaliki wameza maiki, mawu akugunda malata n'kubwerera, anthu a tsidya lina la msika akumva kuti kuli mapemphero koma agogo amene akhala pa benchi lachitatu sanatolepo kanthu. Paulo pa 1 Akorinto 14 anakamba nkhani yomweyi. Anatchula chitoliro, zeze ndi lipenga, n'kufunsa kuti msilikali angakonzeke bwanji ngati kulira kwa lipenga sikukudziwika, ndipo iye anasankha mawu owerengeka omveka kusiyana ndi miyandamiyanda yosamveka. Kwathu ndimatsitsa besi, ndimapempha abusa kuti maiki aitalikitse pang'ono ndi pakamwa, kenako ndimapita kumbuyo kukafunsa amayi achikulire amene amakhala pafupi ndi khomo. "Amayi, mukuwamva abusa?" Akati, "Tikuwamva, koma mawu ena akutidutsa," ndimabwerera kukakonza. Achinyamata a kwaya amadandaula kuti ndachotsa kukoma, ndipo pa nyimbo ndimawabwezera besi yawo. Pa ulaliki sindilola.

Tsopano kunabwera njira ina imene ikuchititsa mkangano wonse wa maikolofoni kuoneka wachikale. Mu 2017 Joe Taylor, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993 pa kafukufuku wa nyenyezi, pamodzi ndi Steve Franke anatulutsa FT8. Pamenepa maikolofoni safunika n'komwe. Kompyuta yako ndi ya mnzako zimasinthana timauthenga tatifupi, aliyense masekondi 15, pa mpata wa ma Hz 50 okha, ndipo zimamvana ngakhale pamene khutu la munthu likungomva phokoso. Kwa munthu wa eriyo yaing'ono ndi magetsi a batire ndi dalitso lalikulu, sindingalinyoze. Ndipo ripoti lake n'loona nthawi zonse, chifukwa kompyuta imayeza n'kulemba chimene yapeza, ilibe munthu womusangalatsa. Zimandichititsa manyazi m'malo mwa tonsefe kuti makina atiposa pa kunena zoona. Komabe ndikamaliza macheza a FT8 sindidziwa ngati mnzangayo ndi mnyamata kapena nkhalamba, ngati ali ndi chimfine, ngati waseka. Mwina sanali n'komwe pa mpando.

Mnzanga wina wa mpingo, nditamufotokozera za FT8, anati ikufanana ndi pemphero la Hana pa 1 Samueli 1, amene milomo yake inkayenda koma mawu osamveka, mpaka Eli anamuyesa woledzera, koma Mulungu anamva. Ndinaganizira fanizoli nthawi yaitali ndipo sindikugwirizana nalo. Kwa Hana kunalibe mawu koma munthu yense analipo, ndi chisoni chake chonse, ndipo womvera wake anali Mulungu amene safuna mpweya kuti unjenjemere. Ife anthu tilibe khutu lotero. Eli, wansembe wamkulu, anaweruza molakwa mpaka Hana atatsegula pakamwa n'kumufotokozera. Pakati pa munthu ndi munthu mnzake mawu amafunika, ngakhale odulidwa mutu ndi tsinde, ndipo pamafunikanso wina wokuuza mmene afikira.

Kwa amene amakonda zakale ndili ndi mawu owaikira kumbuyo. Ndikafinya kachitsulo ka D-104 dzanja langa limakhala pamene pankakhala dzanja la bambo aja, pamene chitsulo chinachita kuperepeseka. Ndimalankhula mofatsa, ndimakhala tsonga, ndimakumbukira mmene ankandiletsera kukuwa. Chikondi chimenechi n'chenicheni ndipo sindichita nacho manyazi. Koma chimathera m'dzanja langa, sichikwera pa eriyo. Wa ku Osaka alibe nacho gawo, iye akungofuna kumva dzina langa. Ndiye nyengo ikakhala youma ndipo mafunde ali bwino, ndimatulutsa mutu uja m'chitini n'kucheza ndi anzanga a m'mayiko oyandikana nafe. Mvula ikayamba ndimagwira ya pulasitiki, n'kusankha mpata wa 300 mpaka 2700, besi pansi. Mnzanga akandiuza kuti iyi sikumveka, ndimasintha pomwepo popanda kuiteteza.

Posachedwapa ndinayankha munthu wina wa ku Italy pa mamita 20, madzulo dzuwa litangolowa. Singano inafika pa 9, koma mawu ake anali ophwanyika, ndipo pakati pa mawu pankamveka fani ya m'chipinda chake ndi galu wa panja, chizindikiro chakuti wakweza kwambiri chofinyira mawu chimene timachitcha compressor. Iye anandipatsa 59. Ine ndinamupatsa 3 ndi 9, n'kumuuza chifukwa chake. Anakhala chete kanthawi, kenako anandipempha kuti ndidikire. Atabweranso singano inali itatsika kufika pa 7, galu ndi fani zitasowa, ndipo ndinamva kuti ndi munthu wachikulire wa mawu ofewa. Ndinamupatsa 5 ndi 7. Anandiuza kuti wailesiyo anaigula miyezi ingapo yapitayo ndipo palibe amene anamuuzapo. Kenako anasintha ripoti langa kukhala 4 ndi 5, nandipempha kuti nditchulenso dzina la tauni yathu chilembo chimodzichimodzi.